Masabata Awiri pa Bwalo la Azakhali

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene ndinafika pachimake pa moyo wanga. Chiyambire pamenepo ndakhala ndikutsika pang'onopang'ono, mwaulemu, osasokoneza munthu. Ndanena izi poyambirira kuti owerenga adziwe kuti amene akuwayankhulayu si munthu wamba. Kwa miyezi ingapo ndinali katswiri wa mpira wa Maglas yense, komboni yathu ya pamgodi ku Zvishavane, malinga ndi kafukufuku amene ndinachita ndekha.

Mpira wake sunali wa anthu khumi ndi mmodzi uja ayi. Unali wa asanuasanu, umene masiku ano anthu ophunzira akuutcha futsal. Ife tinkangoti faivi. Tinkasewera pa bwalo la simenti limene kale mabwana a mgodi ankamenyerapo tenesi. Mgodi utaima, mabwana anapita, ukonde unapita, waya wa mpanda nayenso anapita kukasanduka makola a nkhuku m'makomo mwa anthu opemphera. Simenti yokha ndiyo inatsala, chifukwa palibe amene anapeza njira yoinyamulira. Kuseri kwa golo kunali phiri la dampu, mulu wa zotaya za mumgodi, lotuwa ngati phulusa, ndipo mphepo ya mu Ogasiti ikaomba, fumbi lake linkatikhala m'nsidze, n'kumaoneka ngati tinkhalamba tating'onoting'ono tothamangitsana. Mpira unali waung'ono, wolemera, wosanjanja. Ukaupondereza ndi phazi unkakhala pomwepo ngati galu womvera, ndipo ine ndinaukonda chifukwa cha khalidwe limeneli.

Anzanga ankanditcha Guluu. Ndinkaganiza kuti ndi dzina laulemu, lotanthauza kuti mpira umandimatirira kuphazi. Panapita zaka ndisanamve kuti ankatanthauza kuti mpira ukafika kwa ine, basi, maliro ake ndi omwewo.

Mphunzitsi wathu anali Mudhara Sibanda, mdala amene kale ankayendetsa kasitima ka pansi pa mgodi. Akakhala bwino ankayankhula Chishona. Akakwiya ankabwerera ku Chilapalapa cha kumgodi, ndipo ine ndinaphunzira Chilapalapa chambiri kuposa anzanga onse. Lachiwiri lina tikuyeserera, ndinachenya anyamata atatu motsatizana. Nditamaliza ndinaona kuti woyamba uja sanamvetse bwino zimene zamuchitikira, ndiye ndinabwerera kuti ndikamufotokozerenso. Nthawi yonseyi mnzathu Firiji anali ataima yekha kutsogolo kwa golo, manja m'mwamba. Anali mwana wa a Mbewe, wojintcha, ndipo ntchito yake inali kuima chofulatira golo wa adani, kulandira mpira n'kuusunga kuti usawonongeke. N'chifukwa chake tinkamutcha Firiji. Tsiku limenelo anaimika manja mpaka anatopa, n'kuwatsitsa, n'kuyamba kukanda bondo. Mpira anandilanda.

Mudhara sanakuwe. Zimenezi zinandiopsa kuposa Chilapalapa.

"Guluu," anatero, "Loweruka la sabata yamawa tikusewera ndi anyamata a ku Mandava. Iwe mulibemo. Pita kwa tete wako masabata awiri. Akanena kuti wachira, tidzaona."

Chilangochi chinafika pa nthawi yoipa. Madzulo a tsiku lomwelo, tikudya, bambo analengeza kuti apeza ntchito yolondera pa depoti ya thonje ku Gokwe, ndipo adzanyamuka Lamulungu la sabata yamawa. Chitsekereni mgodi anali akungokhala. Kale ankaliza belu la keji, chikepe chotsitsa anthu pansi, ndipo ntchitoyo inawasiyira chizolowezi choyankhula mwachidule ngati mawu nawonso amawerengedwa. Anali mkulu wa mpingo, ndipo mpira ankauona ngati matenda a nsapato. Sanandionerepo ndi kamodzi komwe.

"Ku Gokwe n'kutali," anatero. "Ndikapita, kubwera ndi Khirisimasi. Loweruka limenelo ndidzabwera ndidzaone chinthu chimene chimatha nsapato zako."

Amayi anandiyang'ana mosangalala. Ine ndinameza mbamu osatafuna. Sindinawauze kuti katswiri wa Maglas wachotsedwa ntchito masana omwewo.

Tete amene Mudhara ankanenayo ndi azakhali anga a Naphiri, alongo awo aakulu a bambo. Ana a Chishona onse ankawatcha Tete, ngati kuti anali a aliyense. Pautsikana wawo ankasewera pakati mu timu ya mpira wamanja ya mgodi. Pa nthawi imene ndikunenayi mawondo anali atawathera, ankagulitsa tomato kumsika m'mawa, masana n'kumaphunzitsa atsikana kuseri kwa tchalitchi, pa bwalo la dothi lolembedwa mizere ndi phulusa. Wezulo yawo inkakhala pa chingwe chimodzi ndi makiyi a nyumba.

Nditafika anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuzala.

"Ndamva kuti mwana wa mchimwene wanga wakwatira mpira," anatero. "Bwanji sunabwere nawo kuti timuone mpongozi wathu?"

Atsikana khumi ndi atatu anaseka. Ndinawawerenga, chifukwa munthu ayenera kudziwa kukula kwa tsoka lake.

Amene sadziwa mpira wamanja adziwe ichi: ukagwira mpira, suyenda nawo. Umaima, ndipo usanapume katatu uyenera kukhala utaupereka. Kwa munthu wa mbiri ngati yanga, lamuloli linali ngati kuuza nsomba kuti iyambe kupalasa njinga. Tsiku loyamba wezulo inandilirira kambirimbiri moti agalu a m'makomo oyandikira anasiya kuyankha. Mtsikana amene ankandilondera, wamtali ngati mlongoti, ankangondifunsa mokoma mtima kuti, "Ndiwe here shasha yacho?" Ankafuna kutsimikiza ngati katswiri wotchuka uja ndinedi.

Pofika tsiku lachitatu ndinali nditapeza nzeru. Poti sindingayende ndi mpira, ndinasankha malo abwino, n'kuima, n'kuimika manja, n'kumakuwa kuti, "Kuno! Kuno!" Palibe anandipatsa. Ndinakumbukira Firiji pang'ono, koma ndinaliponda ganizolo lisanakule.

Azakhali anaimitsa masewera.

"Iwe Lameki, ukuitana ndani? Mpira uli ndi makutu? Amene akukumva ndi mdani wako yekha. Tabwera kuno."

Anandiimika pambali pawo. Ankanunkha masamba a tomato ndi mafuta opaka mawondo.

"Usayang'ane mpira. Yang'ana mitu ya otchingawo."

Ndinayang'ana. Mpira ukachoka m'manja mwa wina kupita kwa mnzake, mitu yonse inkatembenuka pamodzi ngati nkhuku zimene zaona njere imodzi ya chimanga. Ndiyeno ndinaona kamtsikana kena kakang'ono, Chisomo, kamene sindinkakawerengera n'komwe. Mpira unkachoka kwa mtsikana wina kupita kwa winanso, nkhani yosamukhudza iye mpang'ono pomwe, koma mpira uli m'malere iye anali atayamba kale kuthamanga, kudutsa kumbuyo kwa womulondera. Wolandira uja sanachedwe nawo. Anangoukankhira pa malo opanda munthu, ndipo pamalopo panatulukira Chisomo ngati wachita kumera.

"Waona?" anatero azakhali. "Woyamba aliyense akumuona, ali ndi mpira. Wachiwiri aliyense akumuona, mpira ukupita kwa iye. Wachitatu alibe womuyang'ana."

"Nanga ndikathamanga osandipatsa?"

"Ubwerere, uthamangenso."

"Kangati?"

"Mpaka ine ndife."

Kenaka anafewako pang'ono. Anati kuthamanga kotero sikupita pachabe. Wokulondera akakutsata, wasiya khomo lotsegula kuti mnzako alowe. Akapanda kukutsata, ndiye kuti uli wekha. Koma pali nthawi yake. Ukafulumira, ukafika msanga n'kuima, ndipo woima ndi wosavuta kumusunga. Ukachedwa, upeza khomo atatseka. Unyamuke pamene mpira ukuchoka kwa woyamba, osati utafika kwa wachiwiri. Ndipo usanapite kumene ukufuna, uyambe waponda kawiri kulowera kumene sukufuna.

"Ngati mmene amachitira amalume ako akamapita kumowa," anatero. "Amayamba alowera kutchalitchi."

Masabata awiriwo ndinathamanga kuposa moyo wanga wonse. Chodabwitsa n'chakuti mpira ndinkaugwira pang'ono, koma ndinayamba kuliona bwalo. Kale ndinkadziwa zala zanga zakuphazi ndi simenti yozizungulira basi. Tsopano ndinazindikira kuti m'bwalo mumakhalanso anthu ena, ndiponso kuti pakati pawo pamakhala mipata imene imatseguka n'kutsekeka ngati pakamwa pa munthu woyasamula.

Lachinayi lomaliza azakhali anandiperekeza okha kwa Mudhara, akutsimphina.

"Sanachire," anatero, "koma akhoza kutuluka m'chipatala."

Tsiku lomwelo Mudhara anatiika atatu kuti tiyeserere: Kuda, amene ankasewera kumbuyo, Firiji kutsogolo, ine kumanzere. Kuda apatsire Firiji, ine ndinyamuke mpira ukuchoka kuphazi kwa Kuda, Firiji andiikire m'njira. Popanda adani zinkayenda ngati nyimbo ya kwaya.

Loweruka masana kunali dzuwa ndi kamphepo. Anthu anaima mozungulira simenti, ena atakhala pa zitsa za mpanda wakale. Bambo anafika atavala jekete lawo la kutchalitchi, n'kuima paokha pafupi ndi ngodya, chipewa chili m'manja ngati abwera kudzapepesa maliro. Azakhali anakhala pa kireti ya tomato.

Masewera atayamba, Kuda anapatsira Firiji, ine ndinanyamuka. Ndinafika pamalo pake, pa nthawi yake, ndekhandekha. Firiji anabwezera mpira kwa Kuda. Ndinabwerera. Kachiwiri, chimodzimodzi. Kachitatu anatembenuka n'kumenya yekha, mpira n'kupita kukaona dampu. Kachinayi ndi kachisanu sanandiyang'ane n'komwe. Anthu anayamba kuseka. Munthu wina anakuwa kuti, "Ko uyo ari kumhanyira chii?" kufunsa dziko lonse kuti mwana ameneyu akuthamangira chiyani. Ndinaba diso kuyang'ana bambo. Nkhope yawo inali ya pa msonkhano wa akulu a mpingo.

Pamenepo matenda anandibwerera. Ndinaganiza kuti munthuyu mawa akukwera basi, ndipo chimene akakumbukire ku Gokwe miyezi yonseyi ndi mwana wake akuthamangitsa mphepo. Ndinatsikira kumbuyo, n'kuchotsa mpira kuphazi kwa Kuda ngati ndi wanga wobadwa nawo. Ndinachenya woyamba. Anthu anakuwa. Ndinachenya wachiwiri, mtima n'kuti myaa. Wachitatu, mnyamata wa malaya ofiira amene ankandilondera, sanafune kumva mbiri yanga. Anangoika phazi. M'bwalo laling'ono ngati limenelija, ukataya mpira pakati, sipakhala nthawi yolapa. Ndisanatembenuke n'komwe anali atagoletsa.

Azakhali anatulutsa wezulo ija m'bulauzi, n'kundionetsa patali, n'kuibwezera.

Pa nthawi yopuma Mudhara anandiuza m'Chilapalapa chosavuta kumva kuti ndikachitanso kamodzi ndikakhala pansi pafupi ndi bambo anga. Ine ndinapsera mtima Firiji.

"Iwe, sukundiona? Kasanu konse ndadutsa!"

Anamwa madzi mosafulumira, n'kupukuta pakamwa.

"Ndikukuona, shamwari," anatero. "Ine ndaimika manja zaka ziwiri. Iwe mphindi khumi zokha watopa kale?"

Ndinafunafuna yankho. Mpaka lero ndikulifunabe.

Chigawo chachiwiri ndinayambiranso ntchito yanga yopanda malipiro. Kachisanu ndi chimodzi, palibe. Kachisanu ndi chiwiri, wa malaya ofiira uja ananditsata mpaka kungodya, ndipo kumene anachokako kunatsala mpata woti n'kudutsa ngolo. Firiji anatembenukira momwemo n'kugoletsa. Anzathu onse anamukwera pamsana, ndipo iye anawanyamula osavutika. Dzina langa silinatchulidwe. Ndinaima kungodya kuja ndi mdani wanga, tonse awiri tikupuma ngati ng'ombe, ndipo ndinaganiza kuti mu Zvishavane monse ndife awiri tokha amene tinkadziwa chimene chachitika.

Kachisanu ndi chitatu ndimakakumbukira bwino, chifukwa ndakafotokoza m'malo ambiri osafunsidwa. Kuda anali ndi mpira. Ndinaponda kawiri kulowera ku golo wathu, mapewa ogwa, ngati munthu amene wataya mtima. Mpira utachoka kuphazi kwa Kuda, mutu wa wofiira uja unatembenuka kuutsata. Ndinangoona kumbuyo kwa khosi lake, kotuwa ndi fumbi, ndipo ndinadutsa kumeneko. Firiji, chifulatirire, osayang'ana, anaugubuduzira chammbali ndi kunsi kwa phazi. Unabwera wofatsa. Sindinauchenye, sindinaukongoletse. Ndinaubaya ndi chala chachikulu, kamenyedwe konyozeka kamene sabata ziwiri m'mbuyomo ndikanakana kukhudzana nako. Unalowa.

Owerenga amene akuyembekezera kuti tinanyamula chikho ndiwapepese. Kunalibe chikho, ndipo tinagonja zitatu kwa ziwiri. Anyamata a ku Mandava nawonso anali ndi azakhali awo.

Pobwerera kunyumba tinayenda atatu, bambo patsogolo, ine pambali pawo, azakhali m'mbuyo ndi kireti yawo pamutu. Titapitirira chigayo, bambo anayankhula.

"Kasanu ndi kawiri," anatero.

"Chiyani, bambo?"

"Unathamanga kasanu ndi kawiri wopanda kanthu. Kachisanu ndi chitatu ndiye anakupatsa. Poyamba ndimayesa kuti m'mimba mwakuvuta."

Azakhali anaseka kumbuyoko mpaka kireti inagwedera.

"Chigoli cha mwana wa a Mbewe chija," anapitiriza bambo, "wofiira uja anapita ndi iwe. Ndiye njira inatseguka."

Ndinaima pamsewu. Anthu onse aja, ngakhale anzanga a mu timu, palibe amene anaziona zimenezo.

"Nanga pamene ndinakatenga mpira kwa Kuda?" ndinafunsa mwamantha.

"Pamenepo ndimayang'ana dampu. Lakula."

Dampulo linali lisanakule chitsekereni mgodi. Ndinatembenukira kwa azakhali ngati munthu amene wagulitsidwa katundu wabodza.

"Azakhali, inu munati wachitatu alibe womuyang'ana."

Asanayankhe, bambo anavala chipewa chawo.

"Ine mpira sindiudziwa," anatero. "Sindinabwere kudzaona mpira."

Mmawa wake anakwera basi ndi chikwama chimodzi ndi bulangete lomanga ndi chingwe.

Zaka zapitapo. Ndinaphunzira mpaka kukoleji ku Gweru, kumene ndinachoka m'chaka chachiwiri pa zifukwa zimene ine ndi aphunzitsi sitigwirizana pofotokoza. Achibale akandifunsa, ndimawauza kuti sindinasiye sukulu, koma ndinanyamuka wopanda mpira kulowera pa mpata, ndipo ndikudikira kuti andiikire. Azakhali, amene tsopano amayenda ndi ndodo koma sanafe, choncho lamulo lawo likugwirabe ntchito, amati ndinafulumira kunyamuka. Pakadali pano ndimakonza mafoni pakhonde la sitolo ina, ndipo Loweruka ndimaphunzitsa ana faivi pa simenti yomwe ija. Ming'alu yake yakula, koma mpaka pano palibe amene wapeza njira yoinyamulira.

Chimene ndinachedwa kumvetsa si cha mpira. Bambo anapita ku Gokwe, kenaka ku famu ina cha ku Somabhula, kenakanso ku Gokwe, m'mabasi ogwedeza mano, kukaima pa zipata za eni ake kumene kunalibe wowaombera m'manja. Ife kuno tinkadya, tinkavala, ine n'kumatha nsapato. Maso athu onse anali pa mpira. Iwo anawerenga maulendo anga asanu ndi atatu pa tsiku limodzi lija. Ine awo sindinawawerenge, ndipo pamene ndinaganiza zowafunsa, anati aiwala.

N'chifukwa chake masiku ano ana amene ndimawaphunzitsa aja akamasewera, mpira ndimausiyira makolo ndi ena odutsa m'njira. Ine ndimasankha mwana mmodzi amene akuthamanga wopanda kanthu, amene anthu ayamba kumuseka, n'kumamuwerengera chamumtima. Masewera akatha, ena onse akukwera pamsana pa wogoletsa, ndimapita kungodya kumene iye waima akupuma, n'kumuuza nambala yake.